Motoka ikanjenjemera pa idling, yambani mwafufuza mpweya wa zalewa musanatsitse injini

Akonzi,

Ndipatseniko kadanga ndikambeko za mamotoka. Ndikudziwa masamba anu amadzala ndi za feteleza, mtengo wa chimanga ndi ndale, koma nafenso a zitsulo tili nazo zotiwawa. Loweruka lapitali ndinapita pa galaji ina kuno ku Chipata kukapopetsa matayala, ndinapeza mnyamata wina wagwira m'chiuno, Altezza yake boneti ili yasa, injini ikunjenjemera ngati munthu wa malungo, ndipo amakanika akumuuza kuti apa bwana palibe kuchitira mwina injini yatha, tiitsitse tipange overhaul. Ine pakamwa sipanditha, ndinafunsa kuti nanga mwayeza chani? Zii. Compression, mphamvu yofinya mpweya mu masilinda, sanayeze, sanamvetsere, sanagwireko ngakhale paipi imodzi, angoona chabe kunjenjemera basi mlandu aweruza. Mtima unandiwawa chifukwa njira imeneyo ndinaiyenda ine chaka chatha ndipo inandidyera ndalama zoti ndikanagula matumba angapo a feteleza.

Ine ndili ndi kamotoka kakale, Mazda ya mipando iwiri ija ku Japan ankaitcha Eunos Roadster, kwina amati MX-5 kapena Miata. Mtunduwu unayamba kutuluka mu 1989, yanga ndi ya 1991, injini ya 1.6, masilinda anayi, mavalavu 16, imakankha ndi matayala akumbuyo, ndipo malaiti ake amachita kutukuka ngati maso a chule. Ana a ku Kapata akaiona amaithamangira, amalume phethirani, phethirani. Mayi akunyumba sanaikondepo n'komwe, amati motoka yanji yolephera kunyamula matumba awiri a chimanga, yokhula mimba pa hump iliyonse. Sakunama. Koma walira mvula walira matope, ndinaifuna ndekha.

Vuto linayamba mu October dzuwa lili phwee. M'mawa ndikailiza inkalira bwinobwino, koma ikangotentha, ikulira itaima, imene amati idling, muvi wa rev uja unkatsika kuchoka pa 850 pomwe uyenera kukhala, kufika cha m'ma 500, n'kukweranso, n'kutsikanso, ngati munthu wobanika akufuna mpweya, giya ili gwedegwede, ndipo ndikaponda kilachi pofika pamphambano inkangozima thii, a njinga za kabaza akundiimbira mabelu kumbuyo. Chodabwitsa n'chakuti ndikalowa mu Great East Road kupita ku Katete inkathamanga ngati palibe chilichonse. Apo m'pomwe panali yankho lonse koma ine sindinkadziwa.

Makanika woyamba anati mapulagi, tinagula anayi. Palibe chinasintha. Wachiwiri anati munathira petulo wa m'zigubu, tinatsuka thanki, tinasintha fyuluta, kenako anati pampu ya petulo yafooka, tinagulanso. Wachitatu ndiye anali wochenjera, anangotenga sikuludiraiva n'kumasula ka screw ka idling mpaka muvi unakafika pa 1,200, motoka inaleka kuzima, ine n'kumuthokoza ndi kumuonjezera ya drink, osadziwa kuti wangophimba chilonda ndi nsalu. Yemweyo ankafunanso kubowola kachivindikiro kakuda ka pa air flow meter ati asunthe sipuling'i kuti petulo azibwera wambiri, mwamwayi ndinakana chifukwa kanali komata ndi guluu wa kufakitale ndipo mtima unandiuza kuti komata sikatsegulidwa wamba. Wachinayi anabwera ndi makina a diagnosis, anafunafuna polumikiza pansi pa chiwongolero mpaka thukuta kamukamu, pomwe motoka ya 1991 ilibe soketi ya OBD2 imeneyo, ku America komwe inakhala ya lamulo mu 1996. Atalephera anati basi ndi overhaul.

Amene anandipulumutsa ndi achikulire ena omwe anagwira zaka zambiri pa mathirakitala ndi ma Land Rover, pano anapuma, amangokonzera pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo. Anandilozerako ndi mlamu wanga. Nditafika sanagwire sipanala ayi, anati mwana wanga ilize ikhale, ife tikhale pansi timve. Anandifunsa mafunso atatu chabe, imavuta yozizira kapena yotentha, imavuta itaima kapena ikuthamanga, ndipo ndani anagwirako kale. Nditayankha anaseka n'kunena kuti motoka yako sikudwala mkati, ikumwa mpweya wa zalewa.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna owerenga amvetse, chifukwa mmene anandifotokozera sindidzaiwala. Anati injini ya petulo ili ngati pampu yokoka mpweya. Kuti moto uyake bwino mu silinda pamafunika magalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mpweya wonse uyenera kudutsa pa fyuluta, kenako pa air flow meter, m'motoka yangayi muli kachitseko kamene kamakankhidwa ndi mpweya n'kuuza kompyuta kuti walowa wochuluka bwanji, ndiye kompyuta imauza ma injector kuti athire petulo wolingana. Anati kachitseko kameneko ndi a kasitomu a pa Mwami, chilichonse cholowa chiyenera kulembedwa. Koma paipi ikang'ambika kutsogolo kwa a kasitomuwo mpweya umalowera njira za zalewa, sunalembedwe, kompyuta sikuudziwa, ikuthira petulo wa mpweya wolembedwa wokha, ndiye chosakanizacho chimakhala chamadzimadzi ngati phala la mwana wamasiye, moto umayaka modukizaduka, injini n'kumanjenjemera.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji pa msewu imathamanga bwino? Anati pa idling throttle, khomo la mpweya limene limatseguka ukaponda mafuta, imakhala yotseka, mapisitoni akukoka koma khomo latsekedwa, ndiye mu manifold, mapaipi ogawira mpweya ku masilinda, mumakhala kukoka kwamphamvu, ndiyo vacuum imene mumamvayo, ndipo mpweya wololedwa kulowa ndi wochepa kwambiri. Kabowo ngati ka msomali pa nthawi imeneyo n'kakakulu. Koma ukaponda mafuta khomo limatseguka, kukoka kuja kumachepa, mpweya wolembedwa umachuluka, wa zalewa uja sumvekanso, uli ngati kapu ya madzi mu Luangwa. M'mawa injini ili yozizira kompyuta imathira dala petulo wambiri ndiye vuto limabisika, ikatentha lija n'kuonekera. Pampu ya petulo yofooka imachita mosiyana, imakuvuta ukamakwera chitunda kapena ukamadutsa thiraki, osati utaima. Ndinangoti mayo ine pampu yanga ija ndinataya yabwinobwino.

Kenako anayamba kufufuza, ndipo zida zake mungaseke. Choyamba anatenga chidutswa cha paipi yothirira kudimba, mbali ina pakhutu, mbali ina akuyendetsa pang'onopang'ono m'mbali mwa manifold, pa gasiketi, pa throttle body, pansi pa ma injector, kusamala fani ndi malamba. Anati mpweya wozemba umalira tsiii ngati njoka. Kuseri kwa injini kufupi ndi dashibodi anaima n'kundipatsa paipi kuti ndimve ndekha, ndipo zoonadi kanali kulira. Chachiwiri anatenga pulaya, nsonga atazikulunga nsanza, n'kumafinya timapaipi ta labala kamodzikamodzi, ka ku fuel pressure regulator, ka ku PCV valve yotulutsa nthunzi za m'injini, ili pa chivindikiro cha injini, ndi paipi yaikulu ija yopita ku booster, chitsulo chofewetsa mabuleki. Anati ukafinya paipi injini n'kukhazikika, ndiye kuti bowo lili kutsogolo kwa pomwe wafinyapo. Koma anachenjeza kuti labala wa zaka zoposa 30 amakhala gwa ngati chikumba chouma, ukafinya mwamphamvu umathyola wekha n'kuonjezera vuto.

Chachitatu botolo la madzi lopopera lija amagwiritsa ntchito ku saluni. Ankapopera pa malumikizidwe, madzi akatseka bowo kwa kamphindi kulira kwa injini kumasintha. Anyamata ambiri m'magalaji amapopera carb cleaner kapena petulo weniweni, inde zimaonetsa msanga chifukwa injini imakwera ikamwa zimenezo, koma achikulirewo anati anaonapo motoka ikupsa yonse chifukwa cha waya wa pulagi wothetheka, ndipo iwo salola pakhomo pawo. Ine ndikugwirizana nawo, madzi amachedwa koma sakuotcha nsidze.

Analinso ndi geji ya vacuum yakalekale, galasi lake losweka pakona. Anailumikiza pa manifold, muvi unaima cha pa 12, osagwedezeka kwambiri. Anati mabuku amati injini yabwino pa idling imaonetsa pakati pa 17 ndi 21 pa manambala a mainchi a pa gejiyo, koma amenewo ndi a kumalo otsika ofanana ndi nyanja yamchere, ife kuno ku Chipata tili pamtunda wopitirira mamita 1,000 ndipo pa mamita 300 alionse umachotsapo pafupifupi 1, ndiye kuno ukaona 15 kapena 16 usalire. Koma 12 ndi wotsika. Muvi wotsika koma wokhazikika umaloza mpweya wozemba kapena timing yochedwa, kutanthauza moto wa mapulagi kuyaka mochedwa, pomwe muvi wodumphadumpha mofanana nthawi zonse umaloza valavu yopsa kapena yosatseka bwino. Kuti atsimikize anayezanso compression, masilinda onse anayi anali pafupipafupi, palibe lotsalira. Injini imene ankafuna kuitsitsa ija inali yamoyo.

Koma chimene chinandisangalatsa ngako ndi utsi. Anadikira injini izizire, yozimitsa, motoka tinaikankhira kutali ndi zigubu zamafuta. Anatulutsa chitini cha penti chobowola pawiri pa chivindikiro, bowo lina paipi ya pampu ya njinga, lina paipi yopita ku injini, mkati anaikamo makatoni ofuka osati oyaka lawilawi. Anamasula paipi yaikulu ya mpweya pa air flow meter n'kuitseka kukamwa ndi pulasitiki ndi malegeni, throttle anaitsegula n'kuipinga, utsi anaulowetsera pa paipi ya booster, mdzukulu wawo akupopa pang'onopang'ono, ati osapopa ngati tayala la kabaza ungaphulitse ma seal. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Patapita mphindi ngati ziwiri tinaona utsi uli tolotolo malo anayi. Kapaipi kakang'ono kuseri kwa manifold kanali kong'ambika m'litali, ndi kaja kankalira. Labala wogwira PCV valve anali wouma, valavu ikungogwedera. Pansi pa injector ya nambala 4 pankatuluka kautsi kowonda ngati ulusi. Ndipo paipi yaikulu ya mpweya ija yodutsa kutsogolo kwa injini inali ndi mng'alu kunsi, m'makwinya muja, poti ungayang'ane tsiku lonse uli chiimire osauona. Mng'alu umenewu madzi sanauonetse chifukwa uli kunja kwa throttle komwe kukoka n'kochepa, umayasama injini ikagwedezeka basi, koma nawonso ndi zalewa chifukwa uli kutsogolo kwa a kasitomu.

Amakanika anayi anadutsa pamenepo. Mapulagi anasintha mkono utatsamira pa paipi yong'ambikayo.

Kukonza kwake sikunali nkhani. Timapaipi tonse tating'ono tinasintha ndi paipi yogula pa mita ku Down Shops, ndipo apa chenjerani, mugule ya labala yakuda yopirira kutentha ndi mafuta, osati yoyera ya pulasitiki ija, imeneyo ikatentha imafewa n'kuphwafuka ndi vacuum yomweyo. Ma seal a ma injector ndi labala wa PCV zinabwera pa basi kuchokera ku Lusaka, makilomita oposa 500 chifukwa cha tinthu tokwana m'thumba la shati. Titamanga zonse ndi kuiliza inakuwa mpaka pafupifupi 2,000, ine mantha, achikulire akungoseka, ati ndi screw ija anamasula makanika wako uja, pano mabowo tatseka ndiye yaonekera. Pa motoka imeneyi sumangopotokola screw ayi. Injini iyambe yatentha, malaiti ndi fani zozima, mu kabokosi ka diagnosis ka mu boneti umalumikiza timabowo totchedwa TEN ndi GND ndi kawaya kuti kompyuta ileke kulowerera, uone timing ndi laiti yake ikhale pa madigiri 10, kenako ubweze screw mpaka muvi ukhale pa 850, n'kuchotsa kawayako. Geji ija titaibwezera inaonetsa 16. Anaika kapu ya madzi pa chivindikiro cha injini, madzi osatayika.

Ndisanamizire kuti motoka iliyonse imachita chimodzimodzi. Zimene ndakambazi ndi za injini zoyeza mpweya pakhomo, kaya ndi kachitseko kaya ndi kawaya kotentha kaja amati MAF. Ma Corolla ambiri akale a injini ya 5A-FE alibe zimenezo, ali ndi MAP sensor imene imayeza kukoka kwa mu manifold momwemo, ndiye mpweya wa zalewa imauona n'kuuthirira petulo, zotsatira zake idling imakwera kapena kumakwera n'kutsika, osati kuzima. Amene muli ndi za kabureta, ma Datsun ndi zina zotero, yang'anani gasiketi ya pansi pa kabureta ndi kamtengo ka throttle, kakadyeka mpweya umalowera m'mbali, ndipo chizindikiro chake screw ya mixture umaizunguza koma injini sikumva. Za OBD2 ndiye n'zosavuta ngati wogwira makina akudziwa kuwerenga, osati kungofufuta ma code n'kulandira ndalama. Code ya P0171 imanena kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo ukaona fuel trim, petulo amene kompyuta ikuonjezera, ili pamwamba pa 10 peresenti pa idling koma n'kutsika ukakweza injini kufika pa rev 2,500, ameneyo ndi mpweya wozemba, ikamakwera pamene ukuponda mafuta ndiye kaone pampu, fyuluta kapena MAF yakuda.

Komanso si kunjenjemera konse kuli kwa vacuum. Fumbi lathu lino limamata throttle body ndi valavu ya idling mpaka bii, kutsuka chabe kumathandiza. Gasiketi ya chivindikiro ikatha oilo amadzaza m'maenje a mapulagi moto n'kumathawira pambali. Mawaya a mapulagi otha mukhoza kuwaona usiku mumdima, boneti yotsegula, amathetheka buluu. Pulagi nayonso imakamba, yoyera mbee ikuti petulo akuchepa, yakuda ya mwaye ikuti wachuluka, yonyowa oilo ndiye mwina nkhani ilidi mkati. Ma mounting a injini akaduka motoka yonse imagwedera pomwe muvi wa rev uli phee. Zonsezi munthu amaziona ndi maso, khutu ndi geji asanamasule bawuti imodzi ya head.

Wina anena kuti ikayenda ingoyendani nayo, kwezani screw basi. Ayi. Injini yoperewera petulo imatentha kwambiri mkati ndipo pakapita nthawi imaotcha mavalavu, ndiye overhaul ija mudzaipeza yeniyeni. Mpweya wa zalewa sudutsanso pa fyuluta, fumbi la m'misewu ya m'makomboni mwathumu likulowa lamoyo kukapala masilinda ngati sandipepa. Ndipo bowo likakhala pa booster kapena paipi yake ndi nkhani ya moyo, buleki imalimba ngati mwala tsiku lomwe mwana wadutsa pamsewu. Kuyesa kwake n'kwaulere, injini yozima pondani buleki kangapo mpaka ilimbe, gwirani choponda, lizani injini, phazi liyenera kutsikako pang'ono. Likapanda kutsika, kapena mukamva tsiii kumapazi uku idling ikusintha mukaponda buleki, musapite nayo ku Lundazi motokayo.

Tsono Akonzi, ndawadandaula amakanika koma chilungamo chake mlandu wina ndi wathu eni mamotoka. Ife timalipira tikaona chitsulo chakale chachotsedwa chili pansi. Makanika akatha maola atatu akumvetsera ndi paipi pakhutu n'kupeza kalabala kong'ambika, timati aah kameneka basi, n'kumupatsa ya sopo, koma akatsitsa injini n'kumwaza mabawuti pa saka timatulutsa masauzande osatsutsa, timachita kumuitana kuti injiniya. Nanga mnyamata wa ana awiri ndi lendi asankha chani? Ine ndemwe ndinachita manyazi, achikulire aja nditawafunsa mtengo anati ulipire nthawi yanga osati labala, ndipo mumtima ndinayamba kuwerengera kuti koma sanagule chilichonse, ine yemwe ndinalipira pampu yosafunika osafunsa ngakhale funso limodzi. Ndinawapatsa zomwe ananena ndi nkhuku pamwamba.

Pempho langa kwa inu n'lakuti mutipatseko kadanga ka zamamotoka ngakhale kamodzi pamwezi, m'chinenero chathu chino, muziitana amakanika akale afotokoze zinthu ngati zimenezi, chifukwa mamotoka ambiri obwera kuchokera ku Japan amafika kuno ali kale ndi zaka khumi kapena kuposa, labala wake watopa kale, akakumana ndi dzuwa la October amangosweka. Eni magalaji nawonso, geji ya vacuum ndi ya compression sizidula kuposa mapulagi abwino angapo, chitini cha penti ndi pampu ya njinga ndiye mu Chipata muno simungasowe.

Mnyamata wa Altezza uja ndinamukokera pambali n'kumuuza kuti asalole kutsitsa injini asanaone manambala a compression ndi maso ake, tapangana Loweruka likubwerali tipite limodzi kwa achikulire ndi chitini chawo. Yanga paipi yaikulu ija ikadali yomata ndi chigamba cha chubu cha njinga, yatsopano ndinaitanitsa koma mpaka lero akuti ili m'njira, ndiye m'mawa uliwonse ndisanailize ndimapisa dzanja kunsi kumva ngati chigamba chikadagwira.

Ine wowerenga wanu,
ku Kapata, Chipata